Bulangete la Hatchi Linatuluka M'belo

 Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndiye mundipirire, poti ntchito yanga ndi kukuwa pamsika, osati kugwira cholembera. Ndimagulitsa kaunjika, masiku ena pa Bvumbwe, masiku ena pa Luchenza. Kukayamba kuzizira ndimasiya madiresi n'kuyamba kuoda mabelo a majuzi, majekete ndi zofunda. Mbiri imene ndikufuna ndikuuzeni lero inatuluka m'belo momwemo.

Unali mwezi wa Juni chaka chatha. Ndadula mawaya, ndikusankha zabwinozabwino zoika pamwamba, kenako ndikuona chinthu chobiriwira, cholemera, kunja kwake ngati tenti, mkati mwake mwa wofuwofu. Kuchitambasula, si bulangete, si jekete. Mbali imodzi chinali chodulidwa mokhota ngati khosi la malaya a chimphona, chili ndi malamba ataliatali komanso tizitsulo tokolekera. Pa kansalu kosokerera m'mphepete analembapo 200g. Anzanga a pamzere anayamba kundiseka. Wina akuti n'chovindikira njinga yamoto, wina akuti azungu akutumizira chikwama chogonekamo maliro. Ine mtima unali pa ndalama yanga basi, poti belo ukagula wagula, palibe kubweza.

Tsiku lachitatu kunabwera agogo ena aamuna kudzafuna juzi. Anaima, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira lamba mmodzi n'kumukoleka pa kachitsulo kake osaphonya, ngati munthu amene wamanga lamba wotero dzulo lomweli.

"Mwana wanga, ichi wachitenga kuti? Ili ndi bulangete la hatchi."

Ndinawapatsa mpando. Akuti ali kamnyamata, dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964, ankagwira ntchito m'khola la mahatchi pa esiteti ina konkuno ku Thyolo: kusesa ndowe, kumweta udzu, kupesa ubweya, ndipo madzulo kufunditsa mahatchi. Tinacheza mpaka msika unatha, ndipo anabweranso kawiri konse. Zimene anandiuza zinandichititsa kuti ndiyambe kufufuza, ndipo ndapeza kuti funso looneka lachibwanali, lakuti hatchi tiifunditse kapena ayi, lili ndi mbiri ya boma lathu lino mkati mwake.

Muyambe mwadziwa kuti dziko lathu silinali la mahatchi. Kumadera otentha kunali kashembe, ntchentche ija yopha ng'ombe, ndipo hatchi ikalumidwa sinkachedwa. Koma mdani wamkulu anali nthenda ina ya mahatchi okhaokha, imene imafalitsidwa ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi m'mbandakucha. Hatchi imadzadza madzi m'mapapo, thovu kumatuluka m'mphuno, ndipo pa mahatchi 10 odwala akhoza kufa 9. Bulu ndi mbidzi zimapirira, koma hatchi ayi. Ku Cape, ku South Africa, nthendayi inapha mahatchi pafupifupi 70,000 m'nyengo imodzi yokha ya 1854 mpaka 1855. Katemera wodalirika anadzapangidwa m'zaka za m'ma 1930 ku Onderstepoort, kufupi ndi Pretoria.

Ndiye atsamunda oyamba atafika kumapiri kuno, hatchi yawo inali ndani? Anali agogo athu. Mzungu ankagona m'machila, nsalu yomangirira ku mtengo wautali, amuna n'kumamunyamula pamapewa mosinthana, gulu la anthu 12 kapena kuposa, akuthamanga uku akuimba. Katundu yense ankayenda pamutu. Njanji inadzafika ku Blantyre mu 1908, kudutsa pa Luchenza pomwe ndimayala kaunjika wangapa, koma kuchoka pa siteshoni kupita kuminda unali mutu wa munthu ndithu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, mahatchi ndi nyulu zimene asilikali a Britain anapita nazo ku Tanganyika zinafa ngati ntchentche. Mmalo mwake anagwira anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland anatengedwa kukhala amtengatenga, ndipo ambiri anathera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, ena m'mapiri ozizira a kumwera kwa Tanganyika. Mawu akuti mtengatenga amene lero timatchulira unduna wa zamaulendo anachokera pamapewa a anthu amenewo.

Mahatchi ochepa amene anakhazikika m'dziko muno anakhazikika m'malo okwera, ozizira: ku Zomba, ku Blantyre, ku Mulanje ndi kuno. Apa pali chinthu chimene chinandidabwitsa. Ife timaona ngati chisanu ndi mdani wa chiweto, koma kwa hatchi ya ku Africa kuno chisanu ndi mpulumutsi, chifukwa kukazizira tizilombo tofalitsa nthenda tija timachepa. Mwezi woopsa kwa hatchi si Julaye ayi, ndi kumapeto kwa dzinja, madambo akadali chinyontho. Agogo aja anandiuza kuti nthawi imeneyo ankatsekera mahatchi dzuwa lisanalowe, n'kufukiza utsi pakhomo la khola, osawatulutsa mpaka mame atauma.

Malo okwera omwewo ndi amene anakoka tiyi. Tiyi anayesedwa koyamba ku mishoni ya Blantyre mu 1878, anakhazikika ku Mulanje kuyambira 1891, ndipo kuno ku Thyolo, komwe atsamunda ankalemba kuti Cholo, anabzalidwa ku Bandanga mu 1908, khofi atakanika. Kenako anabwera ena: Maclean Kay anayamba Satemwa mu 1923, Mtaliyana Conforzi anatsegula minda yake, ndipo mapiri onse anasanduka kapeti wobiriwira amene alendo amaimitsa galimoto kuti amujambule. Tiyi amakonda kuno chifukwa cha chiperoni. Inu a ku Nsanje ndi ku Salima mwina simuchidziwa bwino. Ndi mphepo yochokera kunyanja ya mchere, kum'mwera chakum'mawa, imene imadutsa cha ku phiri la Chiperone, lotalika kupitirira mamita 2,000, kutsidya kwa malire m'dera la Milange ku Mozambique. Ikagunda mapiri athu imasanduka nkhungu ndi kamvula kowaza, kosagwa kosaleka, masiku atatu, anayi, mwina sabata. Tiyi amamwa kamvula kameneko pakati pa chilimwe n'kumasangalala. Munthu ndiye amanjenjemera mpaka m'mafupa.

Tsono m'khola muja, chiperoni chikayamba, mkangano umayambanso. Akuti dona ankafuna hatchi iliyonse ifunditsidwe dzuwa likangopendeka, mabulangete awiri ngati n'kotheka. Mkulu woyang'anira khola, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito yomweyo ku Salisbury, ankakana. Ankati yofunditsa ndi yokalamba ija yooneka nthiti, ndi ina imene anaimeta ubweya kuti izithamanga osatuluka thukuta kwambiri. Zinazo zisiyeni, zingopatsidwa udzu wouma wambiri ndi denga.

Usiku wina agogo athuwa, ali kamnyamata ka kabudula mmodzi, anazizidwa koopsa. Poona hatchi yaimuna yonenepa itaima chabe, anaimvera chisoni, naifunditsa bulangete lolemera osauzidwa. M'mawa hatchi ija anaipeza ili nyowe ndi thukuta, ubweya utamatana, ikudzikhula kukhoma. Atangoivula, mphepo inaiwomba pathupi ponyowa, ndiye pamene inayamba kunjenjemera. Mkulu uja anawakoka khutu, n'kugwira dzanja lawo kulilowetsa pansi pa chenjerere cha hatchi ina yosafunda, kuseri kwa phewa. Panali potentha ngati pa mbaula.

"Iwe wazizidwa ndiwe, osati iyeyu. Usamafunse khungu lako, uzifunsa lake."

Nditawerenga zimene akatswiri a ziweto amanena lero, ndinapeza kuti mkulu wosapita kusukulu uja ankanena zoona zokhazokha. Munthu wosavala amamva bwino pa madigiri 25 mpaka 30. Hatchi yathanzi, yosametedwa, imakhala bwinobwino kuyambira pa madigiri 5 mpaka 25 osavutika kudzitenthetsa. Kuno kwathu usiku wa Julaye nthawi zambiri umathera cha m'ma 10. Ndiye kuti pamene ine ndavala majuzi awiri ndi mpango, hatchi ili pa nyengo yake yokoma. Thupi lake ndi lalikulu, silitaya kutentha msanga. Ubweya wake umaimirira kukazizira, ngati nkhuku yofutukuka nthenga, n'kusunga mpweya wofunda pakhungu. M'matumbo mwake udzu umasasa pang'onopang'ono ngati mowa wa masese mumbiya, ndipo kusasa kumeneko kumatulutsa kutentha usiku wonse. Mukaiveka bulangete mwagoneka ubweya uja pansi, mwailanda chofunda chake n'kuipatsa chanu. Likakhala lopyapyala, ndiye mwaichepetsera. Likakhala lolemera, mwaiphika, ndipo yokha singathe kuvula.

Koma musathamange kunena kuti dona anali wopusa basi. Ine poyamba ndinatero, kenako ndinabweza mawu. Chimene chimagonjetsa hatchi si kuzizira kouma, ndi mvula yophatikiza ndi mphepo, chifukwa ubweya ukanyowa mpaka pakhungu suimiriranso. Nanga chiperoni n'chiyani ngati si mvula ndi mphepo? Komanso ubweya wa nyengo yozizira sumera chifukwa cha kuzizira, umamera chifukwa usana ukufupika. Ku England usana wa chilimwe ndi wa chisanu umasiyana maola oposa 8, ndiye hatchi imachenjezedwa bwino n'kumera ubweya ngati chimbalangondo. Kuno umasiyana pafupifupi maola awiri okha. Onjezani kuti mahatchi okwerapo ambiri ndi a mtundu wa khungu lopyapyala. Choncho hatchi ya ku Thyolo yosiyidwa pamtetete chiperoni chikuwaza masiku anayi ikhoza kuvutika ndithu. Yankho la mkulu uja silinali lakuti osafunditsa. Linali lakuti iyi inde, iyo ayi, lero inde, mawa ayi, ndipo kuti udziwe, dzuka, pita, lowetsa dzanja.

Inu okonda mabuku mukumbukira Black Beauty, buku la Anna Sewell la mu 1877, limene ena tinalipeza m'laibulale ya kusekondale litathothoka chikuto. Muli kamnyamata ka m'khola, Joe Green, kamene kanalakwitsa mbali inayo. Hatchi yabwera usiku ikuwira thukuta itathamangira dokotala, iye poona kuti yatenthedwa sanaifunditse, anaipatsa madzi ozizira n'kukagona. Hatchi inadwala chibayo, pang'onong'ono kufa. Joe ndi agogo anga aja analakwitsa mosiyana, wina kusafunditsa wina kufunditsa, koma onse awiri anachita mwachikondi, ndipo onse awiri anachoka osabweranso kudzaona.

Bulangete la hatchi nalo lili ndi kambiri kake. La m'khola la nthawi ya agogo aja linali la chiguduli kunja, ubweya wa nkhosa mkati, lomangidwa ndi lamba wozungulira mimba. La panja linali la kanivasi, lotchedwa New Zealand, limene likanyowa ankalinyamula anyamata awiri. Mu 1985 kampani ya ku Ireland yotchedwa Horseware inatulutsa la nsalu zamakono, losalowa madzi koma lopepuka, ndipo kuyambira pamenepo kufunditsa kunaphweka. 200g ija inali pa langali ndi muyeso wa thonje lamakono la mkati mwake. Alipo opanda thonje, alipo a 100, alipo mpaka a 400. Chinthu chikaphweka anthu amachichita mopyola. Madokotala a ziweto ku Ulaya tsopano akudandaula kuti mahatchi ambiri akufunditsidwa mosafunikira, akunenepa mopitirira chifukwa mafuta amene akanawotcha podzitenthetsa akungounjikana, ndipo kunenepako kumabweretsa nthenda yopweteka ya ziboda. Eni ake amagula latsopano, lakale n'kulitaya m'bokosi la zovala zothandizira osauka. Ndi momwe lina linasocherera m'belo yanga.

Ku Norway anafika poifunsa hatchi yeniyeniyo. Mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, anaphunzitsa mahatchi 23 kugunda ndi mphuno timatabwa ta zizindikiro zitatu: ndifunditseni, ndivuleni, ndisiyeni momwe ndililimu. Pasanathe sabata ziwiri onse anadziwa. Tsiku la dzuwa ofunditsidwa ankapempha kuvulidwa, tsiku la mvula ndi mphepo osafunda ankapempha bulangete. Nditawauza agogo aja anaseka mpaka kutsokomola. Akuti azungu anawononga ndalama, akanangobwera kudzafunsa mkulu wa khola uja.

Koma kenako anakhala chete, nandiuza chimene ndakhala nacho pamtima chaka chonsechi. Akuti iwo eni bulangete analibe. Kwawo kumalaini ankafunda chiguduli, iwo ndi mng'ono wawo, moto uli pakati. Ndiye usiku wa chiperoni, ikakhala nthawi yawo yogona kukhola, ankatenga bulangete la hatchi limene silinagwiritsidwe ntchito, n'kudzikulunga nalo paudzu, n'kulibweza pamsomali tambala asanalire. Akuti m'moyo wawo wonse wa ubwana sanagonepo tulo tokoma ngati timeneto. Akanapezeka, tikiti yawo ikanadulidwa.

Apa mpamene mbiri ya bulangete la hatchi ikukumana ndi yathu. Ambiri mwa anthu amene anagwetsa mitengo ndi kubzala tiyi kuno anali Alhomwe, amene anayamba kuwoloka mwaunyinji kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Anafika opanda malo, napatsidwa pomanga pa esiteti, malipiro ake kukhala thangata: kugwirira mwini malo miyezi ingapo pachaka, nthawi yomweyo imene munda wako ukufuna khasu. Lamulo la 1928 linaika lendi ya pachaka yolipira ndi ndalama kapena ndi thukuta, ndipo wokanika ankatha kuthamangitsidwa. Mkwiyo wa malo unaphulika konkuno mu Ogasiti 1953, zipolowe zinafalikira m'chigawo cha kum'mwera, anthu 11 anafa. Thangata anadzathetsedwa mu 1962. M'zaka zonsezo bulangete la m'sitolo linali chuma. Agogo anga aakazi ankati mwamuna wobwera kuchokera ku Joni kapena ku Halale ankadziwika ndi zinthu zitatu: sutikesi, chipewa ndi bulangete. Makolo awo ankafunda chiwondo, nsalu yosula kuchokera ku khungwa la mtengo, imene chiperoni chinkangoiseka. Si mwangozi kuti mabulangete opangidwa m'dziko muno anadzawatcha dzina la mphepo yomweyo, Chiperoni. Amene munagonera kusukulu mukulikumbukira, lotuwa, loyabwa, losiya ubweya m'tsitsi.

Sindikunena kuti hatchi inalakwa kufunda. Hatchi sinapemphe kukwezedwa sitima kubwera kuno, ndipo yokalamba ija inkafunikadi chofunda. Chimene chimandiwawa ine ndi ichi: pakhomo limodzi lomwelo panali anthu okhoza kukangana sabata yathunthu za nyama imene mwina sinkazizidwa n'komwe, pamene kamwana kopanda ubweya, kopanda mafuta, kamene kuzizidwa kwake kunali kosachita kufunsa, kankadutsa pamaso pawo m'mawa uliwonse milomo ili gwa. Dona ankayeza hatchi ndi khungu lake, n'chifukwa chake ankaipyoletsa. Kamnyamatako sankakayeza ndi kanthu.

Ndipo ndisaloze chala atsamunda okha, poti nanenso ndinadzigwira. Mwana wanga wamng'ono ndimamukutira juzi, jekete, chipewa, shawelo pamwamba, mpaka anamwino kusikelo anandikalipira kuti mayi, mwanayu atuluka zidzolo, mukumuwiritsa. Koma mtsikana amene amandithandiza kunyamula mabelo amafika 5 koloko m'mawa atangodzikulunga chitenje, ndipo zaka ziwiri zonse ndinali ndisanamufunsepo. Ine wogulitsa majuzi! Sabata imene agogo aja anandiuza za tulo tawo ta m'khola, ndinamuuza kuti asankhe jekete pamulu wa zoyamba. Anandiyang'ana ngati ndadwala.

Mahatchi lero atsala ochepa m'dziko muno, ambiri ndi okweza alendo, monga ku Kande m'mbali mwa nyanja. Mamanijala a m'maesiteti amayendera minda pa galimoto ndi njinga zamoto. Koma funso lija silinachoke, langosamukira m'makola athu. Kuno ku Bvumbwe ndi ku Goliati anthu ambiri akuweta ng'ombe zamkaka, ndipo chaka chilichonse Juni akafika ena amabwera pa benchi yanga kufuna chinsalu chofunditsa thole. Tsopano ndimawauza za agogo aja. Ng'ombe yaikulu yathanzi musaivutitse, ili ndi mbaula yake m'mimba. Tsekani mbali yochokera mphepo, folerani denga lisadonthe, pansi pakhale pouma, udzu ukhale wambiri. Kathole kongobadwa kumene, kapena kotsegula m'mimba, kameneko inde kafunditseni, ndipo m'mawa mukavule, mulowetse dzanja. Malonda ndimaluza, anzanga a pamzere amati ndapenga.

Bulangete lobiriwira lija ndinafuna kuwapatsa agogowo ulere. Anakana. Akuti zidzukulu zinawagulira la ku Joni la maluwa, ndipo fungo la hatchi analisiya kalekale. Linakhala pa benchi mpaka pakati pa Julaye, pamene kunabwera bambo wina wolondera usiku kuminda ya makademiya. Analitembenuza uku ndi uku, naona kuti silikulowa madzi, nafunsa kuti malambawa ndi a chiyani. Ndinamuuza zoona, kuti ndi la hatchi. Anaseka, nati hatchi imeneyo ikalifuna izabwere kuntchito kwake 2 koloko usiku tidzakambirane. Tinatsitsana mtengo mpaka tinagwirizana. Analiponya pamapewa pomwepo, khosi la chimphona lija linamukwana bwino lomwe, lamba wa pachifuwa anamanga pachifuwa, a pamimba anazunguliza m'chiuno kawiri, n'kukwera njinga yake kulowera cha ku Thunga, mchira wa bulangete ukukupiza pa kaliyala.